Sabata imene mpheta zinatera m'mapira

Lolemba foni inalira nkhuku zisanatsike. Anali mlimi wotsogolera wa kumudzi wina wa kumtunda kwa msewu wa M5, ndipo sanachedwe ndi moni: "Alangizi, bwerani mudzaone, mpheta zatera." Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku Salima, ndipo Epulo akafika tulo timachepa, poti zonse za m'munda zimachera pamodzi.

Munda umene ankanenawo ndi wachitsanzo, tinaubzala ndi kalabu yawo mu Disembala. Mbali imodzi chimanga, mbali ina mapira a Pilira 1, kumunsi chitowe, ndipo nandolo wa Mwaiwathu Alimi tinamuika m'mizere ya mtedza. Ng'amba inabwera chimanga chikutulutsa ngayaye, nthawi imene sichifuna kusowa madzi ngakhale pang'ono. Ndevu zinauma zisanalandire mungu, zisononkho zambiri zinatuluka za njere zowerengeka. Mapira anangopinda masamba n'kuima osakula, ngati akudikira. Mvula itabwerera anapitiriza pamene anasiyira. Anthu anadzionera okha podutsa popita kumjigo, ine sindinafunike kulalikira.

Nditafika ndinapeza ngala za m'mbali mwa munda zitadyedwa pafupifupi theka. Pilira ndi woyera komanso sawawa, ndiye mbalame zimamukonda monga momwe anthu amamukondera. Agogo ena amene munda wawo unagundizana ndi wathu anabwera ndi ndodo yawo, anayang'ana ngalazo kwa kanthawi, kenaka anati: "Mwana wanga, inu mumati iyi ndi mbewu yatsopano. Ife tinakulira mapira ndi mchewere. Koma nthawi imeneyo mudzi wonse unkalima, mbalame zinkagawana minda, ndipo ana ankaswera pansanja kuziingitsa. Lero ana ali kusukulu, munda wa mapira ndi umodzi. Mbalame za dera lonse zikadya kuti?"

Mawu amenewa anandikhala m'mutu sabata yonse. Kuyambira chilala cha El Niño, pamene Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza pa 23 Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi, misonkhano yathu yadzaza ndi uthenga woti alimi asadalire chimanga chokha. Uthengawo ndi woona. Koma timaupereka ngati kuti vuto ndi umbuli wa mlimi, pamene mlimiyo akudziwa bwino lomwe kuti mapira amapirira dzuwa. Chimene akuwerengera iye ndi mbalame, mbuzi za mnzake, ndi kumene akagulitse. Zitatu zonsezi munthu mmodzi sangazithe. Tsikulo tinamanga zingwe zodutsa pamwamba pa munda, tinapachikapo zitini ndi mapepala onyezimira, ndipo amayi a m'kalabu anagawana masiku olondera m'mamawa ndi chakumadzulo, nthawi imene mpheta zimadya kwambiri.

Lachiwiri linali la chitowe, ndipo ndi tsiku limene ndinakondwa nalo. Mbewu imeneyi imagwirizana ndi kutentha kwa kuno kunyanja, sifuna feteleza wambiri, ndipo pafupifupi theka la njere yake ndi mafuta. Komabe ili ndi khalidwe lake. Pobzala, njere zake n'zazing'ono moti tinachita kusakaniza ndi mchenga kuti zisathithikane, kenaka kupatulira zitamera. Pokolola ndiye pamene ambiri amaluzira: ukadikira kuti chiumire m'munda monga timachitira ndi chimanga, makoko amang'ambika okha, njere zonse n'kuthera pansi. Tinadula chitowecho masamba ake atayamba chikasu ndi kuyoyoka, makoko a m'munsi atasintha mtundu. Tinamanga timitolo n'kutiimika chilili pa lona, mitu kumwamba. Bambo wina anafuna kugoneka mitolo yake monga amachitira ndi udzu wofolera. Ndinamuuza kuti, "Bambo, mukagoneka, mwadyetsa nyerere." Pakatha masiku angapo adzaizondotsa n'kuigogoda pang'ono ndi kamtengo, njere zidzagwera pa lona zoyera, zopanda mchenga. Ogula chitowe amayang'ana kwambiri mchengawo.

Lachitatu ndinaswera pa malipoti. Mafuta a njinga yamoto anali atatsala ochepa, ndinawasungira ulendo wa Lachinayi.

Lachinayilo kunali bwalo kwa amfumu, nkhani yake ya mbuzi. Kuno mwambo ndi woti chimanga chikangochoka m'munda, ziweto zimamasulidwa kuti zikadye mapesi. Nandolo nthawi imeneyo amakhala akadali wobiriwira, akuchita maluwa, ndipo m'dera lonse louma ndiye chokhacho chokoma kwa mbuzi. Ichi n'chifukwa chachikulu chimene nandolo wavutira kukhazikika kuno ku chigawo chapakati, pamene kumwera amalimidwa kwambiri. Mayi wina anaimirira n'kunena kuti chaka chatha anabzala, sanadyeko ndi ndiwo imodzi yomwe. Eni ziweto nawo anali ndi mfundo, ndipo sindinawaone ngati olakwa. Mmodzi anati, "Amfumu, tikazimangirira mpaka Ogasiti, zidya chiyani?"

Apa ndi pamene ntchito yanga yeniyeni inali. Ndinapempha mwayi, ndinayamba ndi zimene ali nazo kale. Masangwe a mtedza ndi a khobwe, amene ambiri amawatentha kapena kuwasiya kuti aole, ndi chakudya chabwino kuposa mapesi. Ofunika kuwaumitsa pamthunzi kuti masamba asayoyoke, n'kuwasunga pa thandala losafika chinyezi ndi chiswe. Nyemba za msangu, mtengo umene wadzaza m'minda ya kuno, ziweto zimazikonda ndipo zimagwa nthawi imene udzu watha. Nsenjere zikhoza kubzalidwa m'mbali mwa dimba ndi m'milambala, n'kumadula. Lukina amathandiza, koma asamakhale chakudya chokhacho, azisakaniza ndi udzu chifukwa akachuluka amadwalitsa. Kalongonda amaphimba nthaka, amabwezera chonde, ndipo masamba ake ndi chakudya cha ziweto. Ndinachenjezanso za chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa mapira akamafala: mphukira zimene zimatuluka pa zitsa mukakolola, makamaka zikapsa ndi dzuwa, zimakhala ndi poizoni woti akhoza kupha ng'ombe kapena mbuzi tsiku lomwelo. Mapesi ouma bwino alibe vuto.

Sitinamalize zonse. Amfumu anagamula kuti minda ya nandolo ndi mapira chaka chamawa ikhale mbali imodzi ya mudzi, ndipo ziweto zizikadya mbali inayo ndi m'busa. Za chindapusa cha mbuzi yolowa m'munda anati akambirane kaye ndi nduna zawo. Ndinatuluka ndi mtima wopepuka, poti minda ikakhala pamodzi, ndiye kuti ndi mbalame zomwe zigawana, monga ananenera agogo aja.

Lachisanu ndinapita ku Kamuzu Road kukafunsa ogula mbewu ngati angatenge chitowe ndi mapira a kalabu. Chitowe anachifuna msanga. Mapira anafunsa kuti alipo matumba angati, nditatchula anapukusa mutu, akuti galimoto singapite kumudzi chifukwa cha katundu wochepa chotero. Mavenda a panjinga amafika pakhomo, koma mtengo amatchula okha ndipo sikelo ndi yawo. Ine maganizo anga ndi oti mapira a chaka chino asagulitsidwe n'komwe. Asunge mbewu, otsalawo adye. Ufa wake ukasakaniza ndi wa chimanga nsima imakoma, ndipo chimera cha thobwa sachita kukagula. Ana ena amakana nsima yosayera, izi ndaziona m'makomo ambiri, koma phala la mapira lothira nsinjiro samalisiya.

Loweruka si tsiku la ntchito, koma ndinabwererako pa kabaza. Ndinapeza amayi atatu pansi pa msangu, wina akukoka chingwe cha zitini, ngala zapakati pa munda zili zonse, njere zitayamba kulimba. Agogo aja anali pomwepo ndi kathumba m'manja. Anamasula n'kundionetsa mchewere wa makolo umene akhala akubzala mizere iwiri kuseri kwa nyumba chaka ndi chaka kuti mbewu isafe.

"Alangizi, mukamalemba anthu a munda wa pamodzi uja, mundilembe. Uwu ndibzala m'malire."

Ndinatulutsa kope n'kuwalemba. Anakhala munthu wa nambala 14.