Zikomo namwino wa usiku uja

Bambo anga anatha tsiku lathunthu osakodza, akungobuula, koma ine mwana wawo wamkazi sakanandiuza. Amene anazindikira ndi namwino wa usiku kuwodi ya abambo. Anatseka katani n'kuwafunsa monong'ona kuti, "Agogo, mwataya madzi liti komaliza?" Atawagwira pansi pa mchombo anapeza chikhodzodzo chili gwa! Prostate, kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo, inali itatseka njira ya mkodzo. Atawaika katheta (chubu chotulutsira mkodzo m'chikhodzodzo), mkodzo unadzaza thumba, bambo n'kupeza tulo koyamba.

Mayi inu, dzina munakana kuti ndilitchule, koma zikomo. Munandiphunzitsa ine gadiyani kuti thumba lizikhala m'munsi mwa chikhodzodzo, chubu chisapindike, ndizisamba m'manja ndisanakhuthule, ndiponso ndizilemba kuchuluka kwa mkodzo. Munati ukayamba kuoneka wamatope, kununkha, kapena thupi likatentha, tisazengereze. Zonsezi ndinkalemba m'kope la mwana wanga la sitandade 5.

Zikomonso bambo a pabedi loyandikana, amene mwana wanu ankaperekeza bambo anga kubafa, kumene ine sindikanalowa.

Lamulungu lapitali bambo anayenda okha kupita kutchalitchi, kathumba katamangidwa pamwendo mkati mwa thalauza. Anabwerako madzulo, atachezera anzawo pabawo.