Loweruka: ndakaswa mtedza kwa abusa

Lero ndadzuka tambala asanalire. Tulo tinangondithawa. Kuzizira kwa Juni kuno ku Kasungu sikuseweretsa, ndiye ndinakhala pakhonde nditafunda chitenje cha amake Tadala, ndikubwereza mumtima mawu okanena kwa abusa ngati mwana wa Sitandade 8 woloweza za mayeso.

Nkhaniyi, yofuna kukatumikira ngati mmishonale ku Mozambique, ndayisunga miyezi 8. Chaka chatha mu Okutobala kumpingo kwathu kunabwera mlendo amene anatumikirapo ku Niassa, ku Mozambique, pakati pa Ayao. Sanali mlaliki wogwedeza tchalitchi, mawu ake anali apansipansi moti akumbuyo ankawodzera. Anangofotokoza za kagulu ka Akhristu kokumana pansi pa mtengo wa mango, kopanda wowawerengera Mawu m'chiyankhulo chawo, kopandanso wophunzitsa ana awo kuwerenga. Anzanga anatuluka n'kuiwala. Ine kuyambira tsiku limenelo ndikaima pabolodi, choko m'manja, maganizo amakhala ali ku Lichinga, likulu la Niassa, dera limene sindinalipondepo. Ndikatsegula Buku Lopatulika, chala chimangothamangira pa Yesaya 6:8, pamene pali mawu akuti "munditumize ine." Penapake ndimadziseka ndekha kuti tsambalo lachita kuda ndi thukuta.

Ndinanyamuka panjinga cha m'ma 8 koloko. Msewu unali fumbi lokhalokha, malole a mabelo a fodya akulunjika ku Chinkhoma, iwe wanjinga uzingothawira kutchire. Pofika kumanse, kunyumba ya abusa, malaya oyera amene ndinasita usiku anali atasanduka ofiirira.

Abusa ndinawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pakampando kafupi, akuswa mtedza. Ndinkayembekezera kuti tilowa mu ofesi, titseka chitseko, tigwada. Iwo anangondikankhira lichero ndi phazi n'kuti, "Aphunzitsi, manja ali ndi ntchito pakamwa sipanama. Khalani apa." Amayi busa anabweretsa tiyi ndi mbatata yophika, n'kubwerera kukhitchini.

Ndinafotokoza zonse, mawu oloweza aja atabalalika kalekale. Abusa sanandidule. Zala zawo zimangopitiriza, thyo, thyo, makoko uku, mtedza uko, wowola akuuponyera nkhuku. Nditamaliza ndinkadikira kuti anena "Aleluya" kapena andigwira paphewa. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Amayi kunyumba akudziwa?"

Ndinati ndimafuna ndiyambe ndamva kwa abusa.

"Chabwino. Ngongole muli nazo zingati?"

Apa ndiye tiyi anandikakamira pakhosi. Ndili ndi ngongole yodulidwa kumalipiro mwezi ndi mwezi, ina ya kubanki mkhonde imene anatenga amake Tadala koma ndalama ndinagwiritsa ntchito ndine, ndipo nyumba yathu yaima pamawindo chaka chachiwiri tsopano, udzu ukumera m'zipinda. Ndinanena zonse. Abusa anagwedeza mutu n'kuti Yona anathawa kumene Mulungu anamutuma, koma alipo ena amene amathawira kumene Mulungu sanawatume, Baibulo lili m'khwapa. Anati sakunena kuti ine ndine mmodzi wa iwo, koma kuti funsoli ndilifunse ndekha lisanadzandifunse lokha ndili kutali, mwana akudwala malungo, m'thumba mulibe kanthu.

Zinandipweteka, ndisaname. Zinapweteka chifukwa funsolo ndimalidziwa. Kalasi yanga ili ndi ana oposa 100, ena amakhala pansi, ndipo alipo masiku amene ndimafika kunyumba mawu atatha, mtima utatopa ndi uphunzitsi. Ndingalumbire bwanji kuti kulakalaka Niassa si kutopa kumeneku kutavala jekete la mpingo? Sindingalumbire. Chimene ndikudziwa n'chakuti ngakhale patchuthi, nditapuma bwinobwino, chinthuchi sichindisiya.

Kenaka anandiuza nditsegule Machitidwe 13. Ku Antiokeya, Mzimu Woyera sananong'oneze Barnaba ndi Saulo paokha usiku. Anayankhula kwa mpingo uli pamodzi, ukusala kudya, ndipo mpingowo ndi umene unawasanjika manja n'kuwatumiza. Anatinso Samueli atamva mawu usiku anathamangira kwa Eli katatu konse, ndipo amene anazindikira kuti woitanayo ndi Yehova anali nkhalamba ija, maso ake atayamba kale kuchita chidima. "Ndiye inu mwamva," anatero. "Tsopano tipatseni mpata nafenso timve."

Pamenepo nkhani inakhotera ku mbiri, ndipo abusa athu akafika pa mbiri mtedza umaiwalika. Ine ndinadandaula kuti kwathu kuno munthu ukati mmishonale anthu amaona mzungu wa galimoto yaikulu, ndipo ndikadzaimirira kutsogolo n'kunena kuti ndikufuna kupita ku mishoni, ena adzaseka. Anati n'zoona kuti a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndiponso kuti mishoni ya kuno ku Kasungu inayamba ndi a Livingstonia isanaperekedwe m'manja mwa a ku Nkhoma. Koma anandifunsa kuti amene ankagona m'midzi, kutsegula timasukulu ta udzu, kuphunzitsa akalasi, anali ndani? Anali aphunzitsi ndi alaliki akuda, ambiri mayina awo sanalembedwe paliponse. Anatchula William Koyi, Mxhosa wochokera kusukulu ya mishoni ya Lovedale ku South Africa, amene anabwera mu 1876 n'kukakhala pakati pa Angoni a M'mbelwa mpaka kumwalira komweko mu 1886. Anatchula David Kaunda, mphunzitsi ngati ine ndemwe, amene anachoka ku Livingstonia kupita ku Chinsali, ku Zambia, pakati pa Abemba, ndipo sanabwererenso kudzakhala kwawo. Mwana wake Kenneth anabadwira komweko ku Lubwa mu 1924, n'kudzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Anatchulanso Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican wa kuchigawo cha Nkhotakota, oyandikana nafe kum'mawaku, amene anapita ku Msoro m'dziko lomwelo la Zambia n'kumwalira mu 1913 atangotumikirako zaka zochepa.

Mtima wanga unayamba kudumpha, ndikudziona ndili pamzere umodzi ndi anthu amenewa. Abusa ayenera kuti anaona nkhope yanga, chifukwa anawonjezera msanga kuti, "Mwamva bwino? Awiri mwa atatuwo anaikidwa m'manda msanga, ndipo palibe amene anagona kwawo."

Za ndalama tinakambanso. Mpingo wathu umavutika ngakhale kukwanitsa za abusa ake omwe, chopereka chimakwera nthawi ya masika anthu akagulitsa fodya ndi soya, ikafika Januwale mbale imabwerera ndi timakobidi. Kutumiza banja la anthu anayi kunja kwa dziko si nkhani ya mpingo umodzi. Iyenera kudutsa kubwalo la akulu ampingo, ipite ku presbiterio, ikafike ku sinodi, ndipo mpingo wa ku Mozambique komweko uyenera kunena kuti ukumufuna munthuyo. Palinso maphunziro, kaya ku Nkhoma kaya ku Zomba. Palinso Chipwitikizi, poti kumeneko kusukulu ndi kuboma n'chimene chimayenda. Ine ndinkaganiza za chaka chamawa. Iwo amakamba za zaka 4 kapena 5.

Ndiye anandipatsa ntchito. Kumpoto kwa mpingo wathu kuli maesiteti a fodya kumene kumagwira ntchito mabanja ochokera kummwera, ena ku Mulanje, ena ku Mangochi ndi Machinga. Kuli kamlaga kumeneko, kanthambi ka mpingo wathu, kamene akulu ampingo amakanirana kupitako chifukwa cha mtunda. Abusa akufuna ndizipita Lamulungu lililonse kwa miyezi 6, panjinga yanga, popanda ndalama ya mayendedwe. Masana ake ndiziphunzitsa ana kuwerenga, aliyense wofuna, wa mpingo ndi wosakhala wa mpingo. Ndipezenso munthu wondiphunzitsa Chiyao. Anatsindika kuti Ayao ambiri ndi Asilamu, ndipo ndikapita ndi mtima wokakangana ndi anthu pa chipembedzo chawo ndibwerere pachipata pomwepo. "Mukayambe mwadya nawo nsima," anatero, "ndipo mukhale wophunzira, poti inu aphunzitsi kuphunzitsidwa kumakuvutani."

Anandifunsa Chiyao chimene ndikudziwa. Ndinati "Ajimwiche uli," moni wam'mawa amene anandiphunzitsa bambo wina wogulitsa usipa mumsika wa pa boma. Anaseka mpaka kutsokomola. Miyezi 8 yolirira Ayao, mawu awiri basi.

Pobwerera ndinali wokwiya pang'ono. Ndinapita ndi Niassa, ndikubwerako ndi esiteti ya pamtunda wa makilomita osakwana 20. Njinga inaphulikanso tayala lakumbuyo pafupi ndi chigayo, ndinachita kuikankha. Mwina zinathandiza, poti poyenda pansi mkwiyo unatsika, n'kutsala manyazi.

Chovuta chenicheni chinali madzulo. Ana atagona, amake Tadala anali kukhitchini akutsuka mbale, koloboyi akufuka chifukwa magetsi anali atazima. Ndinakhala pa mtondo wovundikira n'kuyamba ndi mawu ozungulirazungulira. Anandidula.

"Bambo a Tadala, kope lobiriwira lija mumabisa pansi pa mabuku a sikimu ndinaliona kale. Mawu a Chipwitikizi aja mukufuna kukayankhula ndi ndani?"

Ndinafotokoza. Anamvetsera akupukuta mphika umodzimodzi womwewo nthawi yaitali. Kenaka ananena zinthu zimene ine sindinaziganizeko n'komwe m'miyezi yonseyi. Amayi awo ali ndi BP, ndipo mwa ana onse amene amawaperekeza kuchipatala kukatenga mankhwala ndi iwo. Tadala alowa Sitandade 5 mu Seputembala, kumeneko akaphunzira m'chiyankhulo chanji? Anandikumbutsanso kuti kuwatenga pachitengwa kuchoka kwawo kubwera kuno inali nkhani ya miyezi, atsibweni awo akukanakana, ndiye nanji kuwoloka nawo malire pamodzi ndi ana, mbumba ya eni ake. "Kwa atsibweni mukanene nokha, ine musandiikemo."

Ndinafunsa kuti nanga iwo mtima wawo ukuti chiyani. Anaika mphika pansi.

"Ine sindinamve kalikonse. Sindikuti inu mukunama. Koma Mulungu ngati akundifuna inenso, akudziwa pamene ndimagona."

Sindinayankhe. Ndinangoona kuti m'mapemphero anga onse ndakhala ndikunena kuti "munditumize ine," pomwe m'nyumba muno tilimo anayi.

Za kuesiteti sanakane. Anangoti ndisakapite ndi malaya oyera, ndiponso kuti sabata ina adzapita nawo akaone okha anthuwo. Ngongole ya kubanki mkhonde anati ithe isanafike Disembala, apo ayi za Niassa zisamvekenso m'nyumba mwawo.

Panopa ndi 10 koloko, ndikulemba pafoni batire ili pa 14 peresenti. Chubu ndamata, ndachisiya m'beseni la madzi kuti ndione ngati chikutulutsabe mpweya. Kope lobiriwira lija ndalitembenuza, ndayambira kumbuyo, tsamba loyamba ndalemba kuti Chiyao. Pali mawu awiri aja okha. Mawa ndinyamuka 6 koloko, mkulu wampingo mmodzi walonjeza kundidikira pamphambano kuti akandionetse njira.