Lachiwiri ku OPD: chifuwa chokhachokha

Kwacha ndi chiperoni, ndipo pofika 7 koloko benchi ya panja pa OPD, pamene amaonera odwala osagonekedwa, inali itadzaza kale. Chifuwa chokhachokha. Ana ali kumsana atawafunditsa zitenje ziwiriziwiri, akuluakulu ali m'majuzi ndi zipewa, aliyense buku la kuchipatala m'manja. June ndi wotero. Anthu amati kuzizira ndiye kukuwadwalitsa, koma kuzizira kumangokolezera moto. Mazenera atsekedwa, banja lonse launjikana chipinda chimodzi kuwothera mbaula, minibasi yakweza magalasi onse, ndiye kachilombo ka munthu mmodzi kakwanira onse.

Ambiri mwa amene abwera lero akudwala mavairasi, osati mabakiteriya. Wofala kwambiri ndi rhinovirus, mwini chimfine wamba. Ali ndi mitundu yoposa 100, n'chifukwa chake mwana wa kumkombaphala akhoza kudwala chimfine kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi katatu pachaka popanda chachilendo chilichonse m'thupi mwake. Ena ndi fuluwenza A ndi B, RSV, parainfluenza, adenovirus, metapneumovirus amene adapezeka mu 2001 ku Netherlands, ndi makorona anayi akale amene ankazungulira Covid-19 asanabwere. Covid-19 nayenso sadachoke, adangolowa m'gulu la anzake. Pa chipatala chaching'ono palibe choyezera kuti ndi uti. Kuti adziwike pamafunika kutokosa kuseri kwa mphuno ndi kathonje n'kutumiza ku labu ya PCR, njira yozindikirira mtundu wa kachilombo, monga amachitira ofufuza a MLW, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo ku Blantyre. Zida za pano ndi wotchi, sikelo, thermometer, kachipangizo koyezera oxygen ndi maso.

Woyamba kulowa anali mwana wa zaka zinayi, makilo 15, mamina obiriwira, akutsokomola kwa masiku anayi. Mayi ake anafikira kunena kuti, "Adokotala, mungomupatsa amoxicillin, ndi amene amamuyanja." Mpweya unawerengedwa: 32 pa mphindi. Nthiti sizikulowa, akudya, akusewera ndi chivindikiro cha botolo. Thupi linali lotentha pang'ono, choncho anayezedwa malungo, sanapezeke nawo. Ichi ndi chimfine. Mamina akasanduka achikasu kapena obiriwira pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, ndi asilikali a m'thupi amene akutuluka nawo, si umboni wa mabakiteriya. Anapatsidwa panado, theka la piritsi la 500mg maola asanu ndi limodzi alionse ngati thupi latentha, ndi malangizo a zakumwa zambiri ndi uchi supuni yaing'ono usiku. Uchi ndi wa mwana amene wakwanitsa chaka basi, khanda sapatsidwa. Aspirin nayenso ayi kwa mwana wa chimfine, chifukwa nthawi zina amawononga chiwindi ndi ubongo. Mayiwo anatuluka nkhope ili gwaa. Zimamveka: ayenda mtunda, adikira maola awiri, n'kubwerera ndi panado amene akadagula pagolosale. Koma amoxicillin sakhudza vairasi ngakhale pang'ono. Angomutsegula m'mimba mwanayo, n'kuzoloweretsa mabakiteriya a m'thupi mwake kuti tsiku la chibayo chenicheni mankhwalawo asagwire. Chimene amayi ngati awa ayenera kumva bwino ndi chakuti chifuwa cha chimfine chimatha kukhalapo mpaka sabata ziwiri kapena zitatu mwana atachira kale. Akapanda kuuzidwa, abwera Lachisanu kudzati mankhwala sanagwire.

Kuwerenga mpweya ndiye ntchito yaikulu ya tsiku ngati lino, ndipo ndi pamene pamalakwika zambiri. Malire osonyeza kuti mwana akupuma mothamanga, chizindikiro cha chibayo, pa mphindi imodzi ndi awa: khanda losakwana miyezi iwiri, 60 kapena kuposa, wa miyezi 2 mpaka 11, 50, wa chaka chimodzi mpaka asanakwanitse zisanu, 40. Mwana akhale ali phee pamiyendo pa mayi ake, malaya atakwezedwa, ndipo iwerengedwe mphindi yathunthu. Mzere ukatalika, ena amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi. Makanda sapuma mofanana, amathamanga kenako n'kuima pang'ono, ndiye nambala yotero imanama. Mwana wolira nayenso amanamiza, wotentha thupi kwambiri chimodzimodzi. Kulowa kwa nthiti kumayang'anidwa m'munsi mwa chifuwa pamene mwana akukoka mpweya, ndipo kuzioneka nthawi zonse, osati pokhapokha akulira kapena akuyamwa.

Cha m'ma 10 koloko kunabwera khanda la miyezi inayi. Linayamba ndi mamina Loweruka, lero likulephera kuyamwa: likagwira bere kawiri katatu lasiya kuti lipume. Mpweya 62, nthiti zikulowa, m'chifuwa mukulira ngati kapito. Oxygen inawerenga 88. Kachipangizoko kanaikidwa pa chala chachikulu cha kuphazi, phazi litayamba lafunditsidwa, chifukwa chala chozizira chimapereka nambala yotsika yabodza. Pansi pa 90 palibenso zokambirana. Mphuno inatsukidwa ndi madontho a saline, madzi a mchere a kuchipatala, jakisoni woyamba anabayidwa, kalata yotumizira ku chipatala chachikulu inalembedwa. Maonekedwe onsewa ndi a RSV. Amatupitsa tinjira tating'onoting'ono ta m'mapapo n'kutidzaza mamina, ndipo amafika poipa pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu, nthawi imene makolo akuganiza kuti chimfine chikutha. Kafukufuku wa PERCH, amene adachitika m'maiko asanu ndi awiri kuphatikizapo Zambia ndipo adatuluka mu 2019, adapeza kuti RSV yekha ndiye adayambitsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chibayo choopsa cha ana ogonekedwa. Wina angafunse kuti nanga jakisoni wa mabakiteriya ndi wachiyani ngati ndi vairasi. Yankho lake ndi loti ndi maso okha sitingasiyanitse, ndipo awiriwa amakonda kuyendera limodzi. Chimene chipulumutse khanda ili makamaka ndi oxygen ndi mkaka wa mayi ake, ngakhale wodutsa m'kachubu ka m'mphuno.

Amene analandira amoxicillin moyenerera anali wa zaka ziwiri, makilo 11, mpweya 46 koma akumwa bwino, oxygen 96. Mapiritsi osungunula a 250mg, awiri m'mawa awiri madzulo, masiku asanu, osalekeza panjira akayamba kusewera.

Akuluakulu ambiri anali a fuluwenza, ndipo iye sabisala. Munthu amatha kutchula ola limene anayamba kudwala: kuphwanya m'thupi monse, mutu, kunjenjemera, chifuwa chouma. Zimafanana kwambiri ndi malungo moti ena amafika atamwa kale LA wotsala kunyumba. Ayezedwe kaye. Wathanzi amachira yekha m'sabata imodzi ndi panado, madzi ndi kugona. Oyenera kuwayang'ana kawiri ndi amayi oyembekezera, okalamba, a mphumu, a shuga ndi amene ali ndi HIV. Pali chizindikiro chimodzi choti aliyense apite nacho kunyumba: ukayamba kupeza bwino, kenako thupi n'kutenthanso patapita masiku angapo, ndi chilaso m'nthiti kapena makhololo a dzimbiri, bwerera tsiku lomwelo. Pamenepo mabakiteriya alowa pamene vairasi anapalasa.

Masana kunali mwana wa maso ofiira, mamina ndi kukhosi kowawa. Adenovirus amatero, koma chikuku nachonso chimayamba chonchi, ndiye anavulidwa malaya, kuseri kwa makutu kunayang'anidwa, buku linatsegulidwa kuona katemera wa miyezi 9 ndi wa miyezi 15. Onse analandira, zidzolo palibe.

Womaliza anali bambo wa zaka za m'ma 40, amene anati ndi chimfine cha chiperoni. Atafunsidwa bwino, chifuwacho chatha sabata zitatu, usiku amatuluka thukuta mpaka kusintha malaya, lamba wabwerera bowo limodzi. Wamwa kale bactrim wapagolosale maulendo awiri. M'nyengo ino chifuwa chachikulu chimabisala pakati pa zimfine, chifukwa aliyense akutsokomola ndipo woyeza watopa. Chifuwa cha sabata ziwiri, kapena cha masiku alionse kwa munthu amene ali ndi HIV, chimafuna makhololo. Anapatsidwa kabotolo, anauzidwa kuti akatsokomolere panja pamphepo, ndipo atulutse a pansi pa chifuwa, osati malovu. Anavomeranso kuyezetsa magazi. Makhololowo apita ku GeneXpert, makina oyezera chifuwa chachikulu, ndi njinga yamoto ya mawa m'mawa.