Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Nditavula yunifolomu

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ndinabweza katundu wa boma ku Cobbe Barracks n'kukweza mipando yanga pa lole kulowera kwathu ku Ntcheu. Mumtima ndinkati ndikukapuma.

Ku baraki munthu sukhala wekha. Kudya pagulu, kuthamanga pagulu, ngakhale kukalipiridwa kumene mumakalipiridwa pagulu. Asilikali a Malawi atayamba kulondera njanji ya Nacala mu 1987 kuti zigawenga za ku Mozambique za Renamo zisamaiphwasule, ine ndinali m'gulu lomwe linadutsa pa Nayuchi kulowa ku Mozambique. Tinkagona m'maenje, ndudu imodzi kumapatsirana mpaka kuwotcha zala. Munthu amene wagona naye m'dzenje amakuzindikira ndi kutsokomola kokha mumdima.

Kumudzi zimenezo kunalibe. Thupi linkandidzutsabe 4 koloko m'mawa, ndikupukuta jombo zanga mpaka kuwala, kenako n'kukhala pakhonde opanda kopita. Ndalama za penshoni zili m'thumba, abale ankabwera tsiku ndi tsiku. Zitatha, njira ya kwathu inamera udzu.

Ulemu wokha ankandipatsa, sindinganame. Aliyense "a Sajeni, a Sajeni." Koma ndikafika pa bawo nkhani zinkatha, anthu n'kuyamba kukamba za mvula. Anyamata nawo funso lawo linali limodzi: "Munapha angati?" Palibe ankafunsa za mnzanga amene anaponda bomba lokwirira ine ndikuona, kapena chifukwa chomwe m'tchalitchi ndinkakhalira pafupi ndi khomo. Ndinayamba kachasu, osati chifukwa chomukonda, koma kuti tulo tibwere. Kwathu kuno mwamuna, makamaka msilikali, akati mtima wanga walema amamuseka, ndiye ndinangotseka pakamwa.

Mu November 2018 wailesi inalengeza kuti asilikali athu 6 aphedwa pafupi ndi Beni ku DRC pomenyana ndi zigawenga za ADF. Anali ana oti sindinawaonepo, koma ndinalowa m'nyumba n'kusiya kudya, kusamba, ngakhale kuyankha moni. Mayi a kunyumba anachita mantha. Anafufuza m'kope langa lakale n'kupeza nambala ya mnzanga wina yemwe tinali limodzi ku Mozambique komanso pa Operation Bwezani mu 1993, pomwe asilikali tinalanda zida a Malawi Young Pioneers, n'kumuimbira mondibisira.

Mkuluyo anabwera pa minibasi kuchokera ku Balaka. Sanandifunse kuti chavuta n'chiyani. Anandiitana ndi dzina lachipongwe la ku depoti komwe tinaphunzirira usilikali, n'kundiuza kuti ndevu zangazo ndikanagona nazo ku gadiruumu, chitolokosi cha asilikali. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndi iyeyo amene anayamba kuulula kuti naye amadzidzimuka usiku thukuta lili kamukamu, moti mkazi wake anasamukira pamphasa.

Pochoka anandilamula, mwa chisilikali ndithu, kuti Lolemba tikakumane pa chipatala cha boma tikaonane ndi anthu othandiza pa matenda a maganizo. Ndinakana, koma mayi a kunyumba anali atamva kale. Za ulendo umenewo ndikamba m'gawo lotsatira.