Loweruka: chisa cha choso pamwamba pa chingwe choyanikira zovala

Lero sindinapite kuntchito. Ndinadzuka cha m'ma 6 kuti ndichape dzuwa lisanakule, chifukwa mwezi wa Okutobala kuno ku Mahé mphepo ya kumwera ikamatha kumatentha modetsa nkhawa. Ndikuyanika malaya, kambalame kanandidutsa pakhutu kali ndi kaudzu kukamwa. Ndinakatsatira ndi maso mpaka kunsonga kwa nthambi ya mtengo wa mango wa mayi amene ndimachita lendi kwawo. Pamenepo panali chisa chikulendewera ngati kathumba, khomo lake lili m'mbali.

Anthu a kuno ku Seychelles amaitcha kolibri. Kwathu tikanati choso, ndipo ndi mtundu womwewo wa timbalame tija timakonda maluwa a nthochi kumudzi. Koma uyu ndi wa kuno basi, sapezeka kwina kulikonse padziko. Akatswiri anamutcha Cinnyris dussumieri pokumbukira Jean-Jacques Dussumier, wamalonda wa ku France amene ankatolera zamoyo za m'nyanja ya Indian Ocean. Kutalika kwake ndi masentimita 11 kapena 12. Wamkazi ndi wotuwa thupi lonse. Wamwamuna nayenso ndi wotuwa, koma akatembenukira kudzuwa pakhosi pake pamang'anima mtundu wabuluu wopita ku pepo, ndipo m'khwapa ali ndi tinthenga tachikasu timene amationetsa akamaimba. Choso wa kwathu amamuposa kukongola, koma uyu ndamukonda chifukwa cha khama lake.

Ndinakhala pakhonde pafupifupi ola lonse tiyi akuzizira. Wamkazi ndiye ankamanga. Ankabweretsa udzu ndi ndere, kenako n'kupita pansi pa denga kukatola ulusi wa akangaude womangira zonsezo pamodzi. Wamwamuna ankangouluka pakati pa maluwa a hibiscus akuimba mokweza, kuthamangitsa mnzake wina amene ankafuna kuyandikira. Ndinaona kuti duwa likakhala lalikulu salowetsa mlomo kutsogolo ayi. Amatera pa tsinde, n'kuboola duwalo kumbuyo ndi mlomo wake wokhota, n'kuyamwa timadzi totsekemera. Amadyanso tizilombo ndi akangaude, makamaka akakhala ndi mwana woti amudyetse.

Cha m'ma 9 mayi aja anatuluka ndi chikwanje. Anati nthambi ikugwetsera masamba pa zovala ndipo akufuna aidule. Ndinawapempha kuti, "Mayi, taonani kaye kunsongako. Bwanji mudikire mwanayo auluke?" Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anabweza chikwanje m'nyumba osanena kanthu. Atatulukanso anandiuza kuti mbalameyi imaikira dzira limodzi lokha.

Dzira limodzi. Nkhani imeneyi yandikhala m'mutu tsiku lonse. Zilumbazi zinalibe anthu okhazikika mpaka 1770 pamene Afalansa anadzakhala pa chilumba cha Sainte Anne. Zombo zinabweretsa makoswe ndi amphaka, nkhalango inagwetsedwa kuti adzale kokonati. Mbalame zimene sizinkadziwa adani otere zinavutika kwambiri. Mtundu umodzi wa zinkhwe za kuno unatheratu. Mbalame ina yotchedwa Seychelles warbler inatsala yosakwana 30, yonse pa kachilumba ka Cousin, mpaka okonda mbalame anagula kachilumbako mu 1968 n'kukasandutsa malo otetezedwa. Inanso yotchedwa magpie-robin inatsalira pa chilumba cha Frégate chokha. Koma kolibri, ndi dzira lake limodzilo, akupezeka pa Mahé, Praslin, La Digue ndi Silhouette, kuyambira m'mitengo ya m'mphepete mwa nyanja mpaka m'mapiri. Ndikayang'ana chisacho ndikumvetsa chimodzi mwa zifukwa zake: nthambiyo ndi yopyapyala moti khoswe sangafike kunsonga mosavuta, mphaka sangayese n'komwe. Chinanso n'choti sanasankhe maluwa. Zimene anthu anadzala m'mabwalo mwawo, iye anazilandira ngati munda wake.

Masana ndinakwera basi kupita ku Victoria kukagula nsomba ndi tsabola kumsika. Pobwerera ndinadzera kumunda wa zomera wa ku Mont Fleuri, umene unakhazikitsidwa mu 1901. Alendo anali atadzaza pamene pali akamba akuluakulu aja, akujambula. Ine ndinawerenga akolibri asanu m'maluwa a m'mbali mwa njira, ndipo palibe amene ankawayang'ana.

Madzulo ndinaimbira mchemwali wanga ku Zomba n'kumufunsa ngati achoso akubwerabe pa nthochi za kuseri kwa khitchini. Anati akubwera m'mawa uliwonse. Ndisanalowe m'nyumba ndinamasula chingwe choyanikira n'kuchimanga ku mtengo wa mapapaya, kutali ndi chisa. Wamkazi anali atalowa mkati, mlomo wokha ukuoneka pakhomo.