Lachinayi: m'khonde la labu m'mawa, mu minibasi ya ku Limbe madzulo

Lero ndinafika ku labu seveni isanakwane, ophunzira asanadzaze m'makhonde. Kuyeza kumene ndikuchita masiku ano kumafuna khonde lopanda anthu, chifukwa thupi la munthu lili ndi madzi ambiri ndipo limameza mphamvu ya Wi-Fi. Anthu akachuluka manambala amasokonekera, sudziwanso ngati mphamvu yatsika chifukwa cha khoma kapena chifukwa cha gulu limene laima pakhomo la kalasi.

Zida zake n'zochepa. Pali ma access point awiri, timabokosi timene timaulutsa Wi-Fi tija. Kena ndakaika kumapeto kuno kwa khonde pa tchanelo 1, kena kumapeto uko pa tchanelo 11, tonse tili ndi dzina limodzi. Laputopu imodzi ndimainyamula m'manja ikutumiza ping ku seva mosalekeza, kutanthauza timauthenga toyeza nthawi imene yankho limatenga kuti libwere. Ina imakhala pa mpando pakati pa khonde, ili ndi timaadaputa tiwiri, ikumvetsera matchanelo onse awiri kudzera mu Wireshark, pulogalamu yojambula mauthenga onse odutsa pa netiweki. Ndikatero ndimayamba kuyenda pang'onopang'ono kuchoka uku kupita uko, maso ali pa sikirini.

Mizere ya ping imatsika bwinobwino, umodzi pambuyo pa unzake. Ndikadutsa pa chitseko cha sitolo ya zida manambala amayamba kukwera, mizere ina kusowa. Kenako, ndisanafike pa masitepe, zonse zii. Mizere imaima kwa kanthawi kochepa kwambiri, n'kuyambiranso ngati palibe chachitika. Kanthawi kameneko ndiko kafukufuku wanga yense. Pamenepo laputopu yasiya kabokosi koyamba koma sinagwire kachiwiri. Amisiri amati handover.

Amayi amene amakolopa m'khondemo anandiona ndikupita ndi kubwerera, mpaka anaimika mopu.

"Achimwene, mwataya chiyani kodi?"

"Ayi mayi, sindinataye kanthu. Ndikuyeza pamene netiweki imadukira munthu akamayenda."

Anagwedeza mutu ngati nkhaniyo ndi yawo yomwe. Anati mwana wawo ali ku Johannesburg, ndipo Lamlungu lililonse amaimba pa WhatsApp. Akakhala pa khonde la nyumba yawo amamvana bwino, koma akangoti ayende kupita ku mjigo akulankhula, mawu amaduka, mwana uja n'kumangoti "halo, halo". Ndiye anaphunzira kuima malo amodzi mpaka atamaliza. Sindingadziwe chimene chimachitika kwawoko popanda kukayeza, mwina ndi phiri, mwina ndi malire a nsanja ziwiri za mafoni. Koma mawu awowo ananditsata tsiku lonse. Foni tinaipanga kuti munthu aziyenda nayo, ndipo mayi awa amaima chilili kuti alankhule ndi mwana wawo.

Cha m'ma naini ndinakhala pansi kutsegula zimene Wireshark yagwira. Apa ndi pamene ntchitoyi imandikomera, chifukwa kanthawi kaja ukakatambasula umapezamo nkhani yonse. Laputopu ikaona kuti kabokosi koyamba kafooka, siidziwa kumene kuli kena. Imayamba kufunsa tchanelo ndi tchanelo: kuli ndani kuno? Imatumiza kauthenga kotchedwa probe request, imadikira yankho, imapita pa tchanelo china, imafunsanso. Nthawi yonse imene ikufunsayi siingatumize kapena kulandira mapaketi, tizidutswa ta data, a mwini wake, chifukwa wailesi yake ndi imodzi ndipo ili kwina. Ikapeza kabokosi kabwino m'pamene imadzidziwitsa, n'kusinthana makiyi achitetezo, kenako ping n'kuyambiranso.

Zimenezi si zachilendo. Mu 2003 Arunesh Mishra, Minho Shin ndi William Arbaugh a ku University of Maryland anayeza zomwezi, ndipo anapeza kuti kufufuza matchanelo kumadya kupitirira 90 peresenti ya nthawi yonse ya handover. Pepala lawo ndaliwerenga kambirimbiri, komabe kuona chinthu chomwecho chikuchitika m'khonde limene ndimadutsamo tsiku ndi tsiku kumandipatsa mphamvu. Kuchokera nthawi imeneyo bungwe la IEEE, limene limalemba malamulo a Wi-Fi, linakonzapo zambiri. Mu 2008 munatuluka 802.11k, imene imalola kabokosi kuuza foni mndandanda wa timabokosi toyandikana nako, kuti isamafunse tchanelo chilichonse mwachimbulimbuli. Chaka chomwecho munatulukanso 802.11r, imene imakonzeratu makiyi kuti foni ikafika kwa kabokosi katsopano isayambirenso zonse pachiyambi. Mu 2011 inabwera 802.11v, yopatsa netiweki mpata wolangiza foni kuti isamuke. Nditayatsa 802.11r pa timabokosi tanga tiwiri, kanthawi koduka kaja kanachepa moonekeratu.

Wina angafunse kuti kodi kachigawo ka sekondi kali ndi ntchito yanji. Kwa amene akukopera fayilo, kalibe ntchito kwenikweni. Kwa amene akulankhula, kali nayo yaikulu. Malangizo otchedwa G.114 a ITU, bungwe la dziko lonse loona za matelefoni, amati mawu akamachedwa osapitirira mamilisekondi 150 kuchoka kwa wolankhula kufika kwa womvera, anthu ambiri sazindikira kuchedwako. Kupitirira apo mumayamba kudulana mawu mkamwa. Tsono handover imene yatenga theka la sekondi imameza mawu athunthu. Palinso vuto lina lobisika: TCP, imene imanyamula zambiri za pa intaneti, ikaona mapaketi akusowa imaganiza kuti njira yadzaza, ndiye imachepetsa liwiro. Siidziwa kuti njira ili bwinobwino, kungoti munthu wadutsa pa masitepe. Handover imatha, koma liwiro limatenga nthawi kuti libwerere.

Chimene chinandidabwitsa kwambiri lero ndi kukakamira kwa laputopu yanga. Ndinaima pansi penipeni pa kabokosi kachiwiri, mphamvu yake ili pamwamba, koma iyo ikadagwirabe koyamba kamene kali kutali. Mu Wi-Fi amene amasankha nthawi yosamuka ndi foni kapena laputopu, osati netiweki, ndipo kampani iliyonse imalemba malamulo akeake. Apple inalemba poyera kuti iPhone imayamba kufunafuna kabokosi kena mphamvu ikatsika kufika pa -70 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya wailesi). Zida zina zimadikira mpaka zinthu zitaipiratu. Ndiye anthu awiri akhoza kuyenda limodzi m'khonde lomwelo, wina kanema wake akuyenda bwino, wina akudukaduka, onse n'kumati ndi netiweki.

Masana ndinakaonana ndi a Dokotala amene akuyang'anira kafukufukuyu. Ndinawaonetsa magirafu a m'mawa pamodzi ndi zimene ndapeza mu ns-3, pulogalamu imene timayerekezera netiweki m'kompyuta. Anayang'ana kwa nthawi, kenako anafunsa:

"Mu simulation yanuyi, anthu akuyenda bwanji?"

Ndinawauza kuti ndikugwiritsa ntchito random waypoint, monga amachitira ambiri. Kadontho kalikonse kamasankha malo mwamwayi, kamasankha liwiro mwamwayi, kamapita molunjika, kamapuma, n'kusankhanso kwina.

"Munaonapo munthu wa ku Ndirande akuyenda choncho?"

Tinakambirana nthawi yaitali pa mfundo imeneyi. Anandikumbutsa za Jungkeun Yoon, Mingyan Liu ndi Brian Noble a ku University of Michigan, amene mu 2003 anaonetsa kuti njira imeneyi ili ndi chilema. Ngati liwiro lotsikitsitsa mwaliika pa ziro, madontho ena amasankha liwiro lochepetsetsa n'kutenga nthawi yaitali kwambiri asanafike kumene akupita. Nthawi ikamapita madontho ambiri amakodwa m'maulendo aulesiwo, liwiro la gulu lonse n'kumatsikiratsikira. Wofufuza amasangalala kuti njira yake yatsopano ikuchita bwino, pamene zoona zake n'zakuti anthu ake a m'kompyuta asiya kuyenda. A Dokotala anati ichi n'chilema cha masamu ndipo chimakonzeka. Chimene sichikonzeka msanga n'chakuti kayendedwe ka m'mabuku sikafanana ndi kathu.

Tinakhudzakonso za IP, dongosolo lopatsa chida chilichonse adiresi pa intaneti, poti mutu wachiwiri wa lipoti langa uli pamenepo. M'khonde mwanga timabokosi tonse tili pa netiweki imodzi, choncho laputopu imasunga adiresi yake. Koma munthu akatuluka pa geti, foni n'kuchoka pa Wi-Fi kupita pa bandulo yake, adiresi imasintha. TCP imazindikira kulumikizana kulikonse ndi maadiresi ndi mapoti a mbali ziwiri, ndiye adiresi ikasintha kulumikizanako kwafa. Mobile IP, imene Charles Perkins anaikonza mu chikalata cha malamulo a intaneti chotchedwa RFC 2002 m'chaka cha 1996, inayesa kuthetsa izi motere: umakhala ndi adiresi yakwanu yosasintha, ndipo kwanuko kumakhala home agent wokutumizira zonse kumene uli. Zili ngati kale pamene makalata a mudzi wonse ankafikira pa bokosi la sukulu, aphunzitsi aakulu n'kumawatumizanso kwa amene anapita ku Lilongwe. Kalata imafika ndithu, koma yazungulira. Njira zatsopano zinatenga mbali ina. Multipath TCP ya mu 2013 imagwira njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo QUIC, imene inakhazikitsidwa mu RFC 9000 mu 2021, imazindikira kulumikizana ndi nambala yakeyake m'malo mwa adiresi, kotero kuti adiresi ikasintha nkhani ikhoza kupitirira. Ine ndimaikonda QUIC chifukwa siifuna kuti wina aike zida zatsopano pakati pa njira.

Nditaweruka ndinakwera minibasi pa Ginnery Corner kupita ku Limbe kukatenga chingwe cha netiweki. Ndinapeza malo kumbuyo, pa windo, ndipo funso la a Dokotala linali likadali m'mutu. Ndinatsegula kapulogalamu ka pa foni kamene kamaonetsa nambala ya selo imene foni yagwira ndi mphamvu yake. Selo ndi kadera kamene nsanja ya mafoni imatumikira.

Mu netiweki ya mafoni zinthu zimayenda mosiyana ndi Wi-Fi. Foni ikakhala pa ntchito imayeza nsanja zoizungulira n'kupereka lipoti, koma wolamula kuti isamuke ndi netiweki. Mu 4G muli lamulo lotchedwa A3: selo yoyandikana ikaposa imene wagwira ndi mlingo woikika, ndipo ikakhalabe pamwamba kwa nthawi yoikika, foni imatumiza lipoti. Nthawi yodikirayo, time to trigger, amisiri akhoza kuiika kuyambira pa ziro mpaka mamilisekondi 5120. Mukaifupikitsa kwambiri foni imangodumphadumpha pakati pa nsanja ziwiri, zimene amazitcha ping-pong. Mukaitalikitsa kwambiri galimoto imakhala itapita kale, foni ikadali pa nsanja imene yatsala kumbuyo, kulumikizana n'kuduka. Nambala yoyenera imadalira kuti anthu pa msewu umenewo amayenda bwanji.

Ndipo minibasi imayenda mwa mtundu wakewake. Tinathamanga pang'ono mu Chipembere Highway, nambala ya selo inasintha. Pa Chichiri kondakitala anagogoda denga, tinaima kudikira anthu. Pamene tinaimapo foni yanga inali pakati pa maselo awiri a mphamvu zofanana, ndipo ndinaona nambala ikusintha n'kubwereranso galimoto isanasunthe n'komwe. Basi yaikulu itaima pambali pathu mphamvu inatsika, itachoka inakweranso. Kenako dalaivala anaponda moto kuti apitirire mnzake wa kutsogolo, ndipo tonse m'katimo, aliyense ndi foni yake, tinadutsa malire a selo pa kamphindi kamodzi. Random waypoint ilibe zimenezi. Ilibe siteji, ilibe kudikira kuti galimoto idzaze, ilibe anthu khumi ndi angapo osamuka limodzi, ilibenso kabaza amene amakhota kulowa m'tinjira ta pakati pa nyumba kumene makoma a njerwa ndi malata amatchinga.

Bambo amene anakhala pafupi nane anali kuonera kanema pa Facebook. Foni itaitana, chizindikiro cha 4G pamwamba pa sikirini chinasanduka 3G, ndipo atamaliza kulankhula chinatenga kanthawi kuti chibwerere. Imeneyo ndi CS fallback: pamene foni kapena laini siikugwiritsa ntchito VoLTE, njira yoimbira foni pa 4G pomwepo, 4G imanyamula data yokha, ndiye poyankha foni umatsitsidwira ku netiweki yakale. Nakonso n'kusamuka, ngakhale munthu sanasunthe pa mpando. Kutsogolo kwathu mayi wina anali kutumiza ndalama pa foni, akudina manambala mofulumira ndi chala chachikulu, dengu la tomato lili pamiyendo. Ntchito imeneyo imayenda pa USSD, manambala oyamba ndi * aja, imene imafuna kuti kulumikizana kukhalepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kukaduka pakati, munthu amayambiranso, ndipo amakhala ndi nkhawa ngati ndalama yapita kapena ayi. Pamene ndimalemba za mamilisekondi ndimafuna kuti ndizikumbukira chala cha mayi ameneyu.

Ndafika kunyumba kutada. Nditadya ndalembera a Dokotala uthenga wopempha kuti tisinthe mutu wachitatu. M'malo moyerekezera kayendedwe, ndikufuna ndijambule kenikeni ndi GPS ya pa foni: njira ya Blantyre kupita ku Limbe m'mawa ndi madzulo, ya ku Ndirande, ya ku Chilomoni, ndipo ngati mthumba mulola, ya ku Zomba kumene msewu umadutsa m'mapiri. Pa ulendo uliwonse ndizisunga malo, liwiro, nambala ya selo ndi mphamvu yake, kenako ndiziika zonsezo mu ns-3 kuti ndione kuti ndi time to trigger iti imene ikugwirizana ndi galimoto yoima nthawi yaitali n'kuthamanga mwadzidzidzi. Ndizijambula foni yanga yokha, osati za anthu ena. Ayankha kuti ndibwere ndi ndondomeko yolembedwa Lolemba, ndiikemonso mtengo wa thiransipoti ndi mabandulo. Mawa m'mawa ndibwerera m'khonde kukayesa 802.11k, poti lero nthawi inandithera pa 802.11r.