Mmene ndinaswetsera mazira a nkhuku pa makina kunyumba kwanga ku Chinamwali

Nkhuku zanga za Mikolongwe, zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, zimaikira bwino kwambiri koma sizikonda kukhalira mazira, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadalira mathadzi awiri achikuda kuti azindifungatirira. Vuto lake linali lakuti thadzi limodzi limakwanitsa mazira 10 kapena 12 okha, ndipo likaswa limatha milungu yambiri likulera anapiye osaikira. N'chifukwa chake ndinagula makina oswera mazira opangidwa ndi matabwa, olowa mazira 60, okhala ndi fani ndi kachipangizo kosunga kutentha pamlingo umodzi, koma ofuna kuti munthu azitembenuza mazira ndi manja.

Unali mwezi wa Juni, nthawi imene mphepo yotsika m'phiri la Zomba imazizira kwambiri usiku, choncho makinawo ndinawaika m'chipinda cham'kati, kutali ndi zenera ndiponso pamalo posafika dzuwa. Ndinawayatsa tsiku lathunthu mulibe dzira ngakhale limodzi. Pagalasi la makinawo pankaoneka madigiri 37.5, omwe ndi mlingo woyenera pa makina okhala ndi fani, koma nditaikamo choyezera kutentha kwa thupi chimene ndinagula kusitolo ya mankhwala m'tauni, ndinapeza kuti pamalo pogona mazira pankaperewera pafupifupi digiri imodzi. Ndikanakhulupirira nambala ya pagalasi ija, mazira onse akanakhala milungu itatu akuzizidwa ine ndisakudziwa. Ndinakweza kutenthako pang'onopang'ono mpaka choyezera changa chinakhazikika pa 37.5.

Mazira ndinawatolera m'khola langa lomwe, momwe muli tambala mmodzi pa mathadzi 10, ndipo sindinalole kuti ndisunge dzira kupitirira masiku 7, chifukwa dzira likakhalitsa mphamvu yake yoswa imachepa. Mazira a m'golosale sangathandize pa ntchito imeneyi, poti nkhuku zoikira mazira ogulitsa zimakhala zopanda tambala. Ndinapatula ong'aluka, akuluakulu kwambiri, ozungulira ngati mpira ndi amene anali ndi zitosi zambiri. Otsalawo sindinawatsuke, chifukwa chigoba cha dzira chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene timakutidwa ndi kachikuto kopyapyala, ndipo madzi akachotsa kachikutoko majeremusi amalowa mosavuta. Ndinkawasunga m'thireyi, nsonga yosongoka ikuyang'ana pansi. Pa tsiku lowaika m'makina ndinalemba ndi pensulo chizindikiro cha X mbali imodzi ya dzira lililonse ndi O mbali inayo.

Nditangowaika, kutentha kunatsika, koma sindinakhudze kalikonse popeza mazira ozizira amafunika maola angapo kuti atenthe. M'kambale ka pansi ndinathiramo madzi ofunda kuti chinyezi chikhale pakati pa 50 ndi 55 peresenti. Kuyambira pamenepo moyo wanga unayamba kuyendera mazira: ndinkawatembenuza mbandakucha, masana ndi usiku ndisanagone, nditasamba m'manja, ndipo nthawi iliyonse ndinkaonetsetsa kuti zizindikiro zonse zoyang'ana kumwamba n'zofanana. Kutembenuzaku kumateteza kamwanapiye kuti kasamatirire ku khungu la m'kati mwa chigoba. Kumachitika katatu kapena kasanu, osati kawiri kapena kanayi, n'cholinga chakuti dzira lisagonere mbali imodzimodzi usiku uwiri motsatizana.

Usiku wa tsiku la 7 ndinazimitsa nyali m'chipindamo, n'kupinda kakatoni ngati kachubu, n'kukaika pa tochi ya foni kuti kuwala kuzilowa m'dzira kudzera kumbali yaikulu. Dzira loyamba limene ndinaunika linaonetsa kadontho kakuda pakati, ndipo kuchokera pamenepo mitsempha yofiira inatambalala mbali zonse ngati miyendo ya kangaude. Nditaligwira kwa kanthawi, kadontho kaja kanasuntha. Ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone, ndipo tonse tinangoti chete kuyang'ana. Pa mazira 60 aja, 9 anali oyera mbee m'kati, kusonyeza kuti tambala sanagwirepo ntchito, pomwe awiri anali ndi mzere wamagazi wozungulira ngati mphete, chizindikiro chakuti kamwanapiye kanayamba kukula kenaka n'kufa. Onsewo ndinawachotsa, chifukwa dzira losukusa likatsala m'malo otentha limatha kuphulika n'kuipitsa anzake.

Chiyeso chachikulu chinabwera usiku wa tsiku la 11, pamene magetsi anazima cha m'ma 9 koloko ine ndilibe batire kapena njira ina iliyonse. Mnzanga woyandikana naye nyumba anandiuza kuti ndisendeze mbaula pafupi ndi makinawo, koma ndinakana, chifukwa mpweya wa makala ndi woipa kwa chamoyo chimene chikupuma kudzera m'chigoba, komanso moto wa mbaula sungayezeke. Kamwanapiye kamapirira kuzizira kwa kanthawi, monga zimachitikira thadzi likatuluka kukadya, koma kutentha kukapitirira madigiri 40 kwa maola angapo kamafa. Ndinafunditsa makinawo bulangeti n'kusiya timabowo ta mpweya tili potseguka, kenaka ndinawiritsa madzi, kuwathira m'mabotolo awiri, kuwakulunga ndi nsalu n'kuwaika m'kona osakhudza mazira. Magetsi anayakanso patapita maola asanu, kutentha kutatsika kufika pa 33. M'mawa mwake ndinapita m'tauni kukagula batire la galimoto ndi inveta (kachipangizo kosintha mphamvu ya batire kukhala magetsi ngati a m'nyumba), zinthu zimene ndinayenera kugula tsiku lomwe ndinagula makinawo. Aliyense wofuna kuyamba ntchitoyi kuno kwathu awerengere mtengo wa batire kapena sola pamodzi ndi mtengo wa makina.

Pa tsiku la 18 ndinaunikanso komaliza. Mazira amoyo anali akuda bii, kupatula kampata ka mpweya kumbali yaikulu kamene kanali katakula kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziralo. Apa ndi pamene kutembenuza kumathera, popeza mwanapiye amakhala akudzikonza kuti mlomo wake uloze ku kampata kaja. Ndinayala kansalu pansi kuti anapiye asamaterereke n'kutangadza miyendo, ndinawonjezera mbale yachiwiri ya madzi kuti chinyezi chikwere kufika pakati pa 65 ndi 70 peresenti, ndipo ndinatseka chitseko.

Masiku atatu otsirizawa ndi ovuta kuposa ena onse, ngakhale kuti palibe chimene munthu amachita. Madzulo a tsiku la 20 ndinamva kulira kwa anapiye mazira asanasweke, ndipo m'mawa mwake ambiri anali ndi kabowo kakang'ono pamene kansonga ka mlomo kankaonekera. Kuchokera pa kabowo koyambako mpaka mwanapiye kutuluka pamatha kupita maola 12 ngakhale 24, chifukwa amapuma kaye uku thupi lake likumaliza kukoka magazi a m'mitsempha ya m'chigoba ndiponso chikasu cha dzira. Zimenezi ndinkazidziwa, komabe dzira lina litakhala theka la tsiku osasintha, mtima unandipweteka ndipo ndinatsegula chitseko n'kuyamba kulisenda ndi chikhadabo. Nditangong'amba kakhungu koyera ka m'kati, magazi anatuluka, ndipo mwanapiye uja anafa pasanathe ola. Kutsegula kuja kunatulutsanso chinyezi, moti mazira ena awiri amene anali ataboola kale anauma khungu lake n'kuwamatirira anapiye, ndipo sanathe kutuluka. Imfa zitatuzi zinachokera m'manja mwanga, osati ku kuzima kwa magetsi kuja.

Otsalawo ndinawasiya okha. Mwanapiye amazungulira m'katimo akugogoda chigoba mpaka chitang'ambika ngati chivundikiro, kenaka amakankha ndi miyendo n'kugwera kunja ali chinyowere, atatopa kwambiri moti munthu angaganize kuti wafa. Pakapita maola ochepa nthenga zimauma ndipo amayamba kuyendayenda. Sindinafulumire kuwatulutsa, popeza chikasu chimene amakokera m'mimba chimawasunga tsiku lathunthu kapena kuposerapo osadya. Ena anaswa pa tsiku la 22, ndipo ndikukhulupirira kuti kuzizidwa kwa usiku uja ndi kumene kunawachedwetsa. Pa tsiku la 23 ndinazimitsa makina nditapeza anapiye 38 pa mazira 49 amene anapitirira kuunika koyamba.

Malo olerera ndinali nditawakonzeratu: kampanda kozungulira ka makatoni, kopanda makona oti anapiye angapanikiziranemo, pansi nditayala mankhusu a mpunga ochokera ku chigayo, pamwamba nditapachika babu lotenthetsa. Mlungu woyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, kenaka kumachepetsedwa ndi madigiri pafupifupi atatu mlungu uliwonse, koma anapiyewo amanena okha mmene zinthu zilili: akaunjikana pansi pa babu akulira ndiye kuti azizidwa, akathawira m'mbali atayasamula milomo ndiye kuti kwatentha. Aliyense ndinamuviika mlomo m'madzi pomuika m'kampandako kuti adziwe pomwera, ndipo m'chomweramo ndinaikamo timiyala kuti pasapezeke womira. Chakudya chinali cha anapiye chogula kusitolo, osati madeya okha. Alangizi a ziweto a m'dera lathu anandithandiza kupeza katemera wa chitopa wa I-2, wodonthezera m'diso, ndipo anandilembera masiku a katemera wa matenda a gumboro.

Makinawo ndinawachotsa zigoba ndi tinthenga tonse, ndinawapukuta ndi madzi osakaniza mankhwala ophera majeremusi n'kuwasiya otsegula masiku awiri kuti aume. Panopa muli mazira ena 60 amene afika tsiku la 5, batire lili pambali pake litadzaza, ndipo pachitseko ndamatapo pepala losonyeza tsiku lounika ndi tsiku lotseka.